Dawunilodi ikufika kumapeto kenako n'kulemba "Blocked": vuto ndi browser kapena Windows?

Nanthambwe:

Moni nonse. Ndithandizeni maganizo pa kompyuta ya Windows 10.

Fayilo ya pulogalamu, ya .exe kapena .msi, ikamatsika pa Chrome, mzere umayenda bwinobwino mpaka kumapeto, kenako fayiloyo imangosowa ndipo pamalembedwa kuti "Failed - Blocked". Pa Edge n'chimodzimodzi. Koma zithunzi ndi ma PDF zikutsika popanda vuto lililonse. Webusaiti yake ndi yodziwika, ya https.

Zomwe zayesedwa kale ndi izi: kuchotsa Chrome n'kuikanso, kufufuta cache, kuzimitsa ma extension onse, kuyesa pa incognito, kusintha netiweki. Palibe chasintha.

Ena akuti ndikayang'ane ku Internet Options. Kodi zimenezo si za Internet Explorer? Pulogalamu yoti anthu anaisiya kalekale ingatsekereze bwanji Chrome? Ndipo ngati vuto lilidi kumeneko, ndisinthe chiyani popanda kusiya kompyuta pambalambanda?

Mlonda:

A Nanthambwe, amene anakuuzani za Internet Options sanakunamizeni. Dzinalo ndi lomwe limasocheretsa anthu. Masetingi amenewa si a Internet Explorer yekha ayi, ndi a Windows yeniyeniyo. Microsoft inasiya kuthandiza Internet Explorer 11 pa Windows 10 mu June 2022, ndipo pa Windows 11 simungamutsegule n'komwe monga kale, koma Internet Options ilipobe pa onse awiri ndipo ikugwirabe ntchito.

Nkhani yake imayenda chonchi. Kuyambira pa Windows XP Service Pack 2, mu 2004, Windows ili ndi gawo lotchedwa Attachment Manager. Browser ikamaliza kukoka fayilo, siimangoisiya mu Downloads n'kuchokapo. Imaipereka kaye kwa Attachment Manager pamodzi ndi adiresi ya komwe yachokera. Iyeyu amaona kuti adiresiyo ili m'chigawo chiti, amaona mtundu wa fayilo, amaitana antivayirasi kuti ayiunike, kenako amayankha. Akakana, fayilo imafufutidwa pomwepo ndipo browser imangokuuzani kuti "Blocked". N'chifukwa chake mzere ukufika kumapeto musanaone vuto. Chrome yachita ntchito yake yonse, koma pachipata chomaliza pali mlonda wina amene si wa Chrome. Mungachotse Chrome n'kuikanso kakhumi, mlondayo sasuntha.

Zigawozi, zimene Windows imazitcha ma zone, zili ndi manambala: 1 ndi Local intranet, 2 ndi Trusted sites, 3 ndi Internet, 4 ndi Restricted sites. Nambala 0 ndi kompyuta yanu yomwe. Webusaiti iliyonse imene simunaiike kwina kulikonse imagwera pa 3.

Kuti PDF ikutsika koma .exe ikukanidwa, zikuloza malo amodzi. Chitani izi:

Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani inetcpl.cpl, dinani Enter. Pitani pa Security, sankhani Internet, muone pomwe kachitsulo kotsetsereka kali. Pamene Windows imakaika yokha ndi pa Medium-high. Kakakhala pa High, vuto mwalipeza kale. Pakalembedwa Custom, ndiye kuti wina, kapena pulogalamu ina, inasintha zinthu mkatimo. Dinani Custom level, mutsike mpaka pa Miscellaneous, mupeze mzere wakuti "Launching applications and unsafe files". Uli ndi zosankha zitatu. Ukakhala pa Disable, mafayilo amene Windows imawaona ngati oopsa, monga .exe, .msi, .bat, .vbs ndi .js, amakanidwa. Uikeni pa Prompt. Osati pa Enable: imeneyo imachotsa chenjezo lomwe limatuluka munthu akamatsegula pulogalamu yochokera pa intaneti, ndipo Windows yomwe imakulemberani pambali pake kuti si yotetezeka.

Muli momwemo, kwerani pang'ono pa Downloads muone ngati "File download" ili pa Enable. Mzere umenewu ukakhala pa Disable ndi umene umabweretsa uthenga wakale uja wakuti "Your current security settings do not allow this file to be downloaded".

Ngati simukudziwa zina zomwe zinasinthidwa, njira yachidule ndi batani la "Reset all zones to default level" pansi pa tsamba lomwelo. Mukatero tsekani browser yonse, mawindo onse, n'kuitsegulanso.

Pomaliza sankhani Restricted sites, dinani Sites, muone ngati webusaiti yanu ili pamndandandawo. Pali mapulogalamu ena achitetezo amene amadzaza mndandanda umenewu ndi mayina ambirimbiri, ndipo nthawi zina dzina labwinobwino limalowa nawo.

Nachisale:

A Mlonda afotokoza bwino, ine ndingowonjezera za kusiyanitsa mauthenga, chifukwa anthu ambiri amathamangira ku Internet Options pamene vuto lawo lili kwina. Zinthu ziwiri zimakuuzani komwe muyenera kuyang'ana: mawu enieni a uthengawo, ndi nthawi imene watuluka.

Dawunilodi ikakanidwa isanayambe n'komwe, kawirikawiri ndi browser yokha. Pa Chrome lembani chrome://policy pamalo a adiresi, pa Edge edge://policy. Mukaona DownloadRestrictions, ndiye kuti pali lamulo loikidwa pa browser. Nambala 3 pamenepo imatseka dawunilodi iliyonse. Komanso kuyambira mu 2020 Chrome inayamba kukana mafayilo otsika kudzera pa http pamene tsamba lomwe mwadinapo ndi la https. Zimenezi sizikhudzana ndi ma zone.

Ikanena kuti fayilo ndi yoopsa kapena siitsitsidwa kawirikawiri, ameneyo ndi Safe Browsing pa Chrome, kapena SmartScreen pa Edge. Awa amayang'ana mbiri ya fayilo ndi ya webusaiti. Mungasinthe ma zone mpaka kutopa, iwo sazimva.

Ikaduka pakati, n'kusiya fayilo ya .crdownload, kapena .part pa Firefox, ganizirani za netiweki kapena proxy, seva imene imaima pakati pa kompyuta yanu ndi intaneti. Apa Internet Options imalowanso, koma pakhomo lina: Connections, kenako LAN settings. Chrome ndi Edge zimatenga proxy kuchokera kumeneko. Pulogalamu ya VPN kapena ya chinyengo ikachotsedwa n'kusiya adiresi ya proxy yakufa, masamba ndi dawunilodi zomwe zimavuta. Muonenso tsiku ndi nthawi ya kompyuta. Wotchi ikalakwika kwambiri, satifiketi za https zimaoneka ngati zinatha ntchito.

Ikafika kumapeto n'kulemba "Insufficient permissions", vuto ndi foda yosungiramo. Mwina akaunti yanu ilibe chilolezo cholemba mmenemo, mwina Controlled folder access ya mu Windows Security yayatsidwa ndipo mukusungira mu Documents kapena Pictures, amene ndi ena mwa mafoda omwe imateteza.

Ndiye pali mauthenga atatu otuluka kumapeto, onse ochokera kwa Attachment Manager. "Blocked" ndi ma zone, monga anenera a Mlonda. "Virus detected" ndi antivayirasi amene waona kanthu; pitani mu Windows Security, Protection history, mukawerenge dzina la chomwe wapeza musanaganize zomutsutsa. "Virus scan failed" ndi wina: Windows yaitana antivayirasi koma sanayankhe bwino. Chofala ndi antivayirasi yemwe sanachotsedwe yense, dzina lake lidakalembedwa mu Windows koma mafayilo ake kulibe. Mankhwala ake ndi kugwiritsa ntchito kapulogalamu kochotsera kamene kampani ya antivayirasiyo imapereka, n'kuyatsanso kompyuta.

Tsopano, a Nanthambwe, pali chinthu chimodzi chingakulepheretseni kuchita zomwe a Mlonda anena. Mukatsegula Security muja n'kupeza mabatani ali otuwa osadinika, kapena pansi pali mzere wachikasu wonena kuti masetingi ena akuyendetsedwa ndi system administrator, ndiye kuti pali Group Policy, malamulo amene woyang'anira kompyuta amaika mu Windows. Kuti muone chomwe chilipo mu registry, nkhokwe imene Windows imasungamo masetingi ake, tsegulani Command Prompt mulembe:

reg query "HKCU\Software\Microsoft\Windows\CurrentVersion\Internet Settings\Zones\3" /v 1806

Nambala 1806 ndi mzere uja wa "Launching applications and unsafe files", pamene 1803 ndi "File download". Yankho la 0 likutanthauza kulola, 1 kufunsa, 3 kukana. Kenako funsani chimodzimodzi pa malo a malamulo:

reg query "HKLM\Software\Policies\Microsoft\Windows\CurrentVersion\Internet Settings\Zones\3"

Muyesenso yomweyo ndi HKCU (ya akaunti yanu) m'malo mwa HKLM (ya kompyuta yonse). Chilichonse chopezeka pansi pa Policies chimaposa zomwe mwasankha nokha pa Internet Options. Mungaike Prompt, koma ngati pa Policies pali 3, imene ikugwira ntchito ndi 3.

Kompyutayo ikakhala ya kuntchito, musalimbane nazo. Lamulolo likuchokera ku seva ndipo lidzabwereranso lokha pakapita kanthawi, nthawi zambiri pasanathe maola awiri. Kalankhuleni ndi amene amayang'anira makompyuta.

Gogo_DOS:

Nkhani imeneyi si yatsopano. Firefox 3 itatuluka mu 2008, anthu ankadabwa ndi uthenga wakuti "This download has been blocked by your Security Zone Policy", n'kumafunsa funso lomweli: Firefox ikugwirizana bwanji ndi Internet Explorer?

Ndichenjezeko pa njira imene wina aibweretse posachedwa, ya kuika webusaiti mu Trusted sites. Imagwira, koma pali misampha iwiri. Woyamba: tsamba lomwe mukuona ndi seva yomwe fayilo ikuchokera nthawi zambiri si chinthu chimodzi. Makampani amasunga mafayilo akuluakulu pa maseva ena okhala ndi dzina lina. Mukaika dzina la tsamba lokha, mudzadabwa kuti palibe chasintha. Tsegulani chrome://downloads muone adiresi yeniyeni ya fayiloyo. Wachiwiri ndi woopsa kuposa: adiresiyo ikakhala ya malo omwe aliyense angathe kuikapo mafayilo ake, ndiye kuti mwauza Windows kuti ikhulupirire aliyense wa kumeneko, akuba omwe. Trusted sites ndi ya seva imene mukudziwa mwini wake.

Kwa amene ali pa Windows Server, musavutike ndi Custom level. Kumeneko kuli IE Enhanced Security Configuration, imene inayamba ndi Windows Server 2003, ndipo imakweza chitetezo cha zone ya Internet mwadala. Imapezeka mu Server Manager, pa Local Server. Ingazimitsidwe ya ma administrator okha, koma chanzeru ndi kutsitsira fayilo pa kompyuta ina, kuiunika, n'kuipititsa pa seva.

Chiphaliwali:

Zonsezi n'zazitali abale. Tsegulani regedit, pulogalamu yosinthira registry, pitani pa HKLM\Software\Microsoft\Windows\CurrentVersion\Policies\Attachments, ikani ScanWithAntiVirus pa 1. Pa HKCU malo omwewo ikani SaveZoneInformation pa 1. Basi, palibenso chodzakufunsani mafunso.

Mlonda:

A Chiphaliwali, njira imeneyo yafala pa intaneti, koma pano siithandiza, ndipo ili ndi mtengo wake.

ScanWithAntiVirus imakhudza "Virus scan failed". Uthenga wa a Nanthambwe ndi "Blocked", wochokera ku ma zone, choncho ngakhale aike 1, fayilo idzakanidwabe. Ndipo nambala 1 pamenepo tanthauzo lake ndi lakuti Attachment Manager asaitanenso antivayirasi. Uthenga umasowadi, koma chifukwa choti mwachotsa kuunikako, osati chifukwa choti antivayirasi wachira. Ngati n'kuyesa chabe kuti mutsimikize komwe vuto lili, chabwino, yesani, kenako mubwezere pa 3 n'kukonza antivayirasiyo.

SaveZoneInformation ndi nkhani ina, ndipo ndi bwino tiifotokoze chifukwa ambiri sadziwa chomwe akuzimitsa. Attachment Manager akalola fayilo, amaimata kachizindikiro kobisika kotchedwa Mark of the Web. Sikali mkati mwa fayilo, ndipo sikasintha kukula kwake komwe mumaona. Kamakhala m'kanjira kapambali kamene NTFS, dongosolo losungira mafayilo pa disiki ya Windows, imalola fayilo iliyonse kukhala nako, dzina lake Zone.Identifier. Mungakaone mu Command Prompt polemba dir /r mu foda ya Downloads, kapena mu PowerShell:

Get-Content .\dzina.exe -Stream Zone.Identifier

Mudzaona mzere wakuti ZoneId=3, ndipo pa Windows 10 ndi 11 nthawi zambiri pamakhalanso HostUrl, adiresi ya komwe fayilo inachokera.

Kachizindikiro aka n'komwe zinthu zambiri zimadalira. SmartScreen, uja amatulutsa windo lobiriwira ngati thambo lolembedwa "Windows protected your PC", amaunika pulogalamu chifukwa waona kachizindikiroka. Word ndi Excel zimatsegula fayilo mu Protected View chifukwa cha komweko. Kuyambira mu 2022 Office imatsekeratu ma macro, timapulogalamu tokhala mkati mwa fayilo ya Word kapena Excel, a mu fayilo yokhala ndi chizindikiro cha Internet, chifukwa imeneyo inali njira yaikulu yomwe akuba ankalowera kudzera pa imelo. PowerShell ikakhala pa RemoteSigned imakana script yosasainidwa yochokera pa intaneti, ndipo imadziwa zoti yachokera pa intaneti poona komweko. Mukaika SaveZoneInformation pa 1, mafayilo atsopano samatidwanso, ndipo alonda onsewa amangoona ngati fayilo munaipanga nokha. Palibe uthenga wokuuzani kuti chitetezo chachoka. Kumangoti zii.

Fayilo imodzi imene mukuikhulupirira ili ndi njira yake: dinani kumanja, Properties, chongani Unblock pansi pa General. Imeneyo imachotsa chizindikiro pa fayilo yokhayo.

Nanthambwe:

Zikomo kwambiri nonse. Mabatani analidi otuwa monga ananenera a Nachisale, ndipo pansi pa HKLM Policies pali 1806 yokhala ndi 0x3, kutanthauza 3. Kompyutayi si ya kuntchito ndipo siili pa domain iliyonse (netiweki yoyendetsedwa ndi seva ya bungwe), ndi Windows 10 Pro. Ndifufute mzerewo mu regedit kapena pali njira ina?

Funso lina lapambali: fayilo ya ZIP imatsika bwinobwino, koma .chm (fayilo ya malangizo) ya mkati mwake ikatsegulidwa imangoonetsa mndandanda wa mitu kumanzere, kumanja kuli mbee. Kodi n'zogwirizana?

Nachisale:

Musayambe ndi regedit. Popeza ndi Pro, muli ndi gpedit.msc, pulogalamu yosinthira Group Policy, ndipo ngati lamulolo linaikidwa kudzera mmenemo, mukafufuta mu regedit lidzalembedwanso kompyuta ikadzawerenganso malamulo ake.

Tsegulani gpedit.msc, pitani pa Computer Configuration, Administrative Templates, Windows Components, Internet Explorer, Internet Control Panel, Security Page, Internet Zone. Apa pali chosokoneza: dzina la lamulo silifanana ndi la ku Internet Options. Nambala 1806 kuno imatchedwa "Show security warning for potentially unsafe files", ndipo 1803 imatchedwa "Allow file downloads". Liikeni pa Not Configured. Mubwerere kamodzi pa Security Page muonenso "Internet Zone Template". Ikakhala kuti inaikidwa pa High, imeneyo ndi imene inadzaza manambala ambiri nthawi imodzi. Mukamaliza lembani gpupdate /force mu Command Prompt yotsegulidwa ngati administrator, kenako muyendetsenso reg query ija.

Mukapeza kuti mu gpedit zonse zili kale pa Not Configured koma 1806 ilipobe, ndiye kuti inalembedwa mwachindunji mu registry, kawirikawiri ndi timapulogalamu tija timalonjeza kulimbitsa chitetezo kapena kuyeretsa Windows ndi kudina kamodzi. Apo ndiye mungafufute. Yambani mwadina kumanja pa kiyi ya Zones, Export, musunge kope, kenako mufufute 1806 yokhayo. Muonenso ngati pali Security_HKLM_only pansi pa Policies\Microsoft\Windows\CurrentVersion\Internet Settings. Ikakhala pa 1, Windows imanyalanyaza masetingi a munthu payekha n'kumawerenga a kompyuta yonse, ndipo n'chifukwa chake ena amasintha pa akaunti yawo osaona kusiyana. Ngati kapulogalamu komwe kanalemba zimenezi kakadali pa kompyuta, kachotseni, apo ayi kadzazilembanso.

Mabatani akamasuka, mubwerere ku Internet Options mukatsimikize kuti mzere uja uli pa Prompt.

Za .chm, inde, ndi Mark of the Web yomweyo. ZIP ikatsika imamatidwa chizindikiro, ndipo mukaimasula ndi File Explorer ya Windows, chizindikirocho chimapita pa fayilo iliyonse yotulukamo. Pulogalamu yowerengera .chm ikaona chizindikiro cha Internet imakana kuonetsa masamba ake. Mungachonge Unblock pa .chm yokhayo. Mafayilo akakhala ambiri, chongani Unblock pa ZIP musanaimasule, onse atuluka opanda chizindikiro. Ngati munamasula kale, mu PowerShell lowani mu fodayo mulembe:

Get-ChildItem -Recurse | Unblock-File

Muonetsetse kuti muli mu foda ya mafayilo okhawo, osati mu Downloads yonse, chifukwa lamuloli silifunsa kawiri.

Si mapulogalamu onse omasulira ZIP amene amapititsa chizindikirochi. 7-Zip inaika mwayi umenewu mu mtundu wa 22.00, mu 2022, ndipo umafunika kuuyatsa nokha mu Options. Komanso fulashi yokhala ndi FAT32 kapena exFAT siisunga kanjira kapambali kaja, choncho fayilo ikapita pa fulashi yotere n'kubwerera, chizindikiro chimakhala chatayika. Ndiye mukadzaona fayilo ikukana pa kompyuta imene inaitsitsa koma ikutseguka bwinobwino pa ina itadutsa pa fulashi, musaganize kuti ma zone a kompyuta yachiwiriyo ndi osiyana. Yambani mwaona ndi dir /r ngati Zone.Identifier idakalipo.